Musanaike pa Facebook, Dzifunseni: Nkhaniyi ndi ya Yani?

Tsiku loyamba pa ntchito yatsopano, chimwemwe chimadzaza tsaya. Munthu wavala bwino, chitupa cha kampani chili pakhosi, wapatsidwa tebulo lakelake. Akutulutsa foni, kudzijambula, n'kuika chithunzicho pa status ndi mawu othokoza. Achibale akumuyamikira, anzake ena akufunsa ngati kuli malo otsala. Sananyoze aliyense, sanadandaule za malipiro, bwana sanamutchule n'komwe. Komabe tayang'anani chithunzicho kachiwiri, mochikulitsa ndi zala ziwiri monga timachitira tonse. Pachitupa pakuoneka dzina lake lonse, nambala yake ya ntchito ndi dipatimenti yake. Kumbuyo kwake, pa kompyuta ya mnzake, patseguka kalata ya kasitomala, dzina ndi ngongole yake zili poyera. M'mphepete mwa sikirini mwamatidwa kapepala, ndipo pa kapepalapo palembedwa password.

Iyi si nthano yoopsezera ana. Mu Epulo 2015, wailesi ya kanema ya TV5Monde ya ku France inaukiridwa ndi akathyali a pa intaneti mpaka inaleka kuulutsa mapulogalamu. Nkhani idakali m'kamwam'kamwa, wogwira ntchito wina wa pa wailesiyo anafunsidwa mafunso pa kanema ataima mu ofesi, ndipo oonera anaona mapepala a ma password atamatidwa kumbuyo kwake. Ku Hawaii nako, m'dziko la America, ofesi yoona za ngozi zadzidzidzi itatumiza molakwika chenjezo la mzinga mu Januwale 2018, anthu anafukula chithunzi chomwe atolankhani anajambula mu ofesiyo miyezi ingapo m'mbuyomo. Pa kompyuta ina panali kapepala ka password. Kapepalako sindiko kanayambitsa chenjezo labodzalo, koma kanaonetsa mmene maso a anthu amafikira pomwe wojambula sanayang'ane.

Anthu ambiri akamva zoti ogwira ntchito azisamala pa masamba a mchezo, amaganiza kuti nkhani yonse ndi yakuti osatukwana abwana pa Facebook. Imeneyo ndi mbali yaing'ono chabe. Ine ndimaona kuti funso lomwe limamasula pafupifupi mfundo zonse za nkhaniyi ndi limodzi: chimene ndikufuna kuikachi ndi cha yani? Pa malo a ntchito pali zinthu zanuzanu, monga kutopa kwanu, malipiro anu ndi mmene akukuchitirani. Pali zinthu za eni ake zomwe mwangozigwira chifukwa cha ntchito, monga matenda a wodwala, ngongole ya kasitomala, nkhope ya mwana wa sukulu, mapulani a kampani. Ndiye pali zina zomwe anthu onse ayenera kuzidziwa chifukwa ndi zoipa zomwe zikubisidwa. Zitatuzi zimalowa mu foni imodzi ndipo zimatuluka ndi chala chimodzi, koma malamulo ndi chikumbumtima sizizitenga mofanana.

Tisanafike kumeneko, m'pofunika kumvetsa chifukwa chake anthu anzeru zawo amagwa m'mbunamu. Pocheza pamaso, timadziwa amene akumvetsera. Zomwe timanena kwa mnzathu wa pa tebulo loyandikana si zomwe tinganene pa msonkhano wa akuluakulu, ndipo sitichita kuganizira, zimangochitika zokha. Pa masamba a mchezo zipupa zolekanitsa magulu amenewa zimagwa. Mnzanu wa ku sukulu, mlamu wanu, kasitomala, mkulu wa dipatimenti ndi munthu amene adzakufunseni mafunso pa intavyu zaka zitatu zikubwerazi, onse akhala m'chipinda chimodzi. Inu polemba mumaona nkhope za anthu asanu omwe amakonda kukuyankhani. Ena onsewo ali chete, koma akuwerenga.

Chitsanzo chomwe chimakumbukiridwa kwambiri chinachitika mu Disembala 2013. Mkulu wina woona za mbiri ya kampani ina yaikulu ya ku America, ali pa bwalo la ndege ku London, analemba pa Twitter nthabwala yonyansa yokhudza Edzi, Africa ndi khungu la anthu. Omutsatira anali osakwana 200. Anazimitsa foni n'kukwera ndege ya ku Cape Town, ulendo wa maola pafupifupi 11. Pomwe amatera, mawu ake anali atazungulira dziko lonse, ndipo posakhalitsa ntchito inatha. Mawuwo anali oipa ndithu ndipo sindikuwaikira kumbuyo. Chomwe ndikufuna muone ndi chakuti kuchepa kwa omutsatira sikunamutchinjirize ngakhale pang'ono. Munthu mmodzi yekha wokhala ndi khamu lalikulu akangogawa, basi.

Ena amati, "Zanga zimaoneka kwa anzanga okha." Khoti loona milandu ya ntchito ku England linakumana ndi mawu amenewa mu 2011, pa mlandu wa wogwira ntchito m'sitolo ya Apple yemwe anachotsedwa chifukwa cha zomwe analemba pa Facebook zonyoza ntchito yake ndi katundu wa kampaniyo. Tsamba lake linali lotsekera anthu akunja, koma mnzake wa kuntchito, yemwe anali pakati pa abwenzi akewo, ndiye anakaonetsa kwa mkulu wawo. Khoti linati kuchotsedwako kunali koyenera, ndipo mwa zifukwa zake linanena kuti munthu sangathe kuletsa anzake kukopera ndi kutumiza zomwe walemba. N'chimodzimodzi ndi WhatsApp. Kuyambira 2016 mauthenga ake amayenda otsekedwa kotero kuti wapanjira sangawerenge, koma chitetezo chimenecho chimathera pa foni ya wolandira. Gulu limodzi litha kukhala ndi anthu opitirira 1,000, ndipo ngakhale la anthu khumi, simudziwa amene amawerengera limodzi ndi wina kunyumba. Status imafufutika pakatha maola 24, koma screenshot imatenga kamphindi kochepa ndipo ilibe tsiku lothera. Akuluakulu anati mlandu suola. Pa intaneti ndiye umachita kusungidwa ndi tsiku ndi nthawi yake.

Tiyambe ndi zinthu za eni, chifukwa apa ndi pomwe pamavulala anthu osalakwa. Namwino akajambula vidiyo ya TikTok m'chipinda cha odwala, mphunzitsi akaika pepala la mayeso la mwana yemwe walemba zoseketsa, wa ku banki akauza gulu kuti munthu wina wotchuka akaunti yake ilibe kanthu, wolandira alendo ku hotela akaulula amene wagona chipinda chiti ndi yani, amene wapwetekedwa kwambiri si kampani. Ndi munthu yemwe anabwera kudzathandizidwa, n'kuulula zake chifukwa panalibe kuchitira mwina. Wodwala savula pamaso pa dokotala chifukwa chomukonda. Amavula chifukwa akukhulupirira kuti zomwe zaonedwa zithera m'chipindamo. N'chifukwa chake maiko ambiri ali ndi malamulo okhwima pa nkhani imeneyi. Ku America lamulo la HIPAA la mu 1996 limateteza mbiri ya odwala. M'maiko a mu European Union, lamulo la GDPR, loteteza mbiri ya anthu, lomwe linayamba kugwira ntchito pa 25 Meyi 2018 limalola kulipiritsa kampani chindapusa chofika mayuro 20 miliyoni, kapena magawo 4 pa 100 alionse a ndalama zomwe imapeza pa chaka pa dziko lonse. Ku South Africa kuli lamulo la POPIA, lomwenso limateteza mbiri ya anthu. Kampani yomwe ingalipire chindapusa chotere chifukwa cha chithunzi chimodzi sichedwa kuchotsa wojambulayo. Ndipo kwa anamwino, madokotala, maloya ndi owerengera chuma, pamwamba pa bwana pali bungwe lopereka chilolezo cha ntchito, lomwe likhoza kulanda chiphaso kotero kuti munthu sangalembedwenso kwina kulikonse.

Cholakwika chomwe ndimachiona kawirikawiri ndi kuganiza kuti kubisa dzina n'kokwanira. Munthu amalemba kuti, "Lero kwabwera bambo wina wa zaka za m'ma 50, wagwa pa njinga yamoto ataledzera, mkazi wake wafika akulira." Dzina palibe. Koma tsamba lanu likunena komwe mumagwira ntchito, tsiku likuoneka pamwamba, ndipo aliyense wodziwa banjalo wamuzindikira kale. Tsiku, malo, msinkhu ndi chochitika zikaphatikizana zimaloza munthu kuposa dzina.

Anzanu a kuntchito nawo ndi eni a nkhope zawo. Chithunzi cha pa phwando la kumapeto kwa chaka chomwe inu mukuchiona chosangalatsa, mnzanu chingamuyambitsire mavuto omwe simukuwadziwa. Wina mwina akubisala kwa munthu yemwe ankamuchitira nkhanza ndipo safuna kuti adziwike komwe amagwira ntchito. Kufunsa kuti "ndiike?" sikutenga nthawi. Kuposa apo, kunyozana m'magulu a WhatsApp a kuntchito sikuonedwanso ngati masewera a kunja kwa mpanda. Pangano la nambala 190 la ILO (bungwe loona za ntchito pa dziko lonse), lomwe linakhazikitsidwa mu 2019 pofuna kuthana ndi nkhanza pa malo a ntchito, limanena momveka kuti nkhanza zochitika kudzera m'mauthenga okhudzana ndi ntchito, kuphatikizapo a pa zipangizo zamakono, zili m'gulu lomwelo. Kutumizira mnzanu zolaula usiku kapena kumupanga choseketsa cha gulu ndi mlandu wa pa ntchito, ngakhale munachita muli kunyumba ndi foni yanu.

Zinsinsi za kampani n'zosavuta kumvetsa: katundu yemwe sanatuluke, mtengo womwe mwaika pa tenda, mayina a makasitomala, zokambirana zogula kampani ina. Chodabwitsa ndi chakuti apa ngakhale eni mipando yaikulu amapunthwa. Mu Julayi 2012, Reed Hastings, yemwe panthawiyo anali mkulu wa Netflix, analemba pa tsamba lake la Facebook kuti m'mwezi wa Juni anthu anaonera makanema a kampaniyo kwa maola opitirira biliyoni imodzi. Bungwe la SEC, lomwe limayang'anira misika ya masheya ku America, linayamba kufufuza ngati nkhani yokhudza mtengo wa masheya inaperekedwa kwa ena n'kusiya ena. Mu Epulo 2013 linasiya nkhaniyo osamuimba mlandu, koma linalamula kuti kampani yofuna kulengeza zinthu zotere pa masamba a mchezo iyambe yauza eni masheya komwe azikayang'ana. Elon Musk wa kampani ya magalimoto ya Tesla sizinamuthere bwino chotero. Pa 7 Ogasiti 2018 analemba pa Twitter kuti akuganiza zochotsa Tesla pa msika wa masheya pa mtengo wa madola 420 sheya imodzi ndipo kuti ndalama zake zapezeka kale. Mapeto ake iye analipira madola 20 miliyoni, Tesla inalipiranso 20 miliyoni, ndipo anatula pansi udindo wa wapampando wa bodi. Ngati mwini mpando sanapulumuke, kalaliki wa mu ofesi ya za chuma yemwe walemba kuti "chaka chino tapanga phindu losaneneka" lipoti lisanatuluke ayembekezere chiyani?

Pali mtundu wina wa kuulula womwe munthu sadziwa n'komwe kuti akuulula. Mu Novembala 2017 kampani ya Strava, yomwe pulogalamu yake imalemba njira zomwe anthu athamanga, inatulutsa mapu oonetsa njira za ogwiritsa ntchito ake pa dziko lonse. Mu Januwale 2018 kunaoneka kuti m'madera ena a ku Syria ndi Afghanistan, komwe mapuwo anali mdima wokhawokha, munkawala timizere tozungulira. Anali asilikali akuthamanga m'mphepete mwa misasa yawo. Palibe amene analemba mawu ngakhale amodzi, koma misasa inajambulika. Pa ntchito wamba zimachitika mwa njira yofanana. Wina walemba pa LinkedIn udindo wake ndi dzina la pulogalamu yomwe ofesi yawo imagwiritsa ntchito, wina waika chithunzi cha chitupa, wina walengeza kuti abwana apita kunja kwa sabata ziwiri. Chilichonse pachokha n'chosaopsa. Kathyali amazisonkhanitsa, kenako n'kuimba foni ku ofesi ya makompyuta akudzitchula dzina lanu ndi nambala yanu kuti amusinthire password, kapena kulembera wa za chuma uthenga wooneka ngati wachokera kwa abwana omwe ali pa ulendowo, wolamula kuti ndalama zitumizidwe lero lomwe. Mu Julayi 2020 kampani ya Twitter yeniyeniyo inalowedwa chifukwa akathyali ananamiza ogwira ntchito ake pa foni, n'kulanda maakaunti a anthu otchuka ngati Barack Obama ndi Bill Gates.

Ngakhale kuyamikira kampani yanu kuli ndi malire ake. Mu 2014 bungwe la FTC, loteteza ogula ku America, linadzudzula kampani yotsatsa malonda ya Deutsch LA chifukwa ogwira ntchito ake analimbikitsidwa kutama kachipangizo ka masewero ka PlayStation Vita pa maakaunti awoawo a Twitter osanena kuti Sony ndi kasitomala wawo. Owerenga ankaona ngati ndi ogula wamba osangalala. Mukamatama katundu wa komwe mumalandira malipiro, nenani kuti mumagwira ntchito kumeneko. Ndipo mawu aja ambiri amaika pamwamba pa tsamba, akuti maganizo onse ndi anga osati a kampani, amathandiza owerenga kudziwa kuti simukulankhulira kampani, koma sachotsa mlandu. Chinsinsi cha wodwala chikaululidwa chaululidwa, kaya pamwamba palembedwa chiyani.

Tsopano tifike pa zanuzanu, chifukwa sindikufuna kuti wina awerenge zonsezi n'kumva kuti wogwira ntchito wabwino ndi wotseka pakamwa. Si choncho. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ndipo anthu omwe sakulipidwa pa nthawi yake, omwe akugwira maola owonjezera osalandira kanthu, omwe akulowa pa malo oopsa opanda zodzitetezera, ayenera kulankhulana. Masiku ano kulankhulanako kumachitika pa foni. Malamulo a maiko ena anazindikira zimenezi. Ku America lamulo la ubale wa pa ntchito la mu 1935 limateteza ogwira ntchito akamakambirana ndi kuchitira limodzi zinthu zokhudza malipiro ndi kagwiridwe ka ntchito, kaya ali m'bungwe la ogwira ntchito kaya ayi. Mu 2010 bungwe la NLRB, lomwe limayang'anira lamuloli, linatengera ku mlandu kampani ina ya ma ambulansi ku Connecticut chifukwa chochotsa mayi yemwe anadandaula za kapitawo wake pa Facebook, anzake a kuntchito n'kumamuyankha. Mu Febuluwale 2011 kampaniyo inavomera kusintha malamulo ake omwe ankaletsa zinthu mopitirira muyeso. Mu 2012 bungwe lomweli linagamula kuti bungwe lina lothandiza anthu ku Buffalo linalakwa pochotsa ogwira ntchito asanu omwe ankayankhana pa Facebook za mnzawo yemwe ankawanena kuti sagwira ntchito mokwanira.

Yerekezani zimenezi ndi zomwe zinachitika ku kampani ya ndege ya Virgin Atlantic mu 2008, pomwe ogwira ntchito m'ndege 13 anachotsedwa chifukwa cha zokambirana zawo pa Facebook. Iwo anakhudza nkhani ya chitetezo cha ndege, komanso ananyoza okwera ndege ndi mawu achipongwe. Dandaulo la chitetezo likanatha kukhala lomveka likanapita koyenera. Chipongwe kwa makasitomala ndicho chinapatsa kampani chifukwa chosavuta kuchiikira kumbuyo. Ichi ndimachiona mobwerezabwereza: munthu ali ndi mfundo yeniyeni, koma amaikulunga mu chitonzo, bodza lowonjezera kapena chinsinsi cha munthu wina, ndipo pa tsiku la mlandu palibe amene akukambanso za mfundoyo. Onse akukamba za chokulungiracho. Kulemba kuti "malipiro a mwezi watha sitinalandire mpaka lero, anzanga tichite chiyani?" n'kosiyana kwambiri ndi kutchula munthu dzina n'kumunena kuti ndi mbava popanda umboni. Koyambako m'maiko ambiri n'kotetezedwa. Kwachiwiriko kungakufikitseni ku khoti pa mlandu woipitsa mbiri, ndipo amene wangogawa kapena kubwereza mawuwo akhoza kuyankha nawo.

Nanga ufulu wolankhula? Ulipo ndithu. Ndime 19 ya chikalata cha ufulu wa anthu cha United Nations cha mu 1948 imautchula, ndipo pangano la mu 1966 la ufulu wa nzika ndi ndale limaubwereza. Koma pangano lomwelo limati ufuluwu umabwera ndi udindo, ndipo ukhoza kuchepetsedwa ndi lamulo pofuna kuteteza ufulu ndi mbiri ya ena. Ku America, komwe ambiri amaganiza kuti aliyense amanena chilichonse, gawo la malamulo aakulu loteteza kulankhula limamanga manja a boma, osati a kampani yomwe si ya boma. Malamulo amasiyana dziko ndi dziko, ndipo ogwira ntchito m'boma, asilikali ndi apolisi nthawi zambiri amakhala ndi malire okhwima kuposa ena, makamaka pa ndale. Choncho chomwe chateteza munthu ku Connecticut musachitenge ngati chishango chanu musanaone lamulo la komwe muli ndi kontrakiti yomwe munasaina.

Komabe mukawerenga zigamulo za m'maiko osiyanasiyana, mafunso omwe oweruza amafunsa amafanana. Kodi kampani inali ndi lamulo lomveka bwino, ndipo wogwira ntchitoyo anauzidwa? Kodi owerenga akanatha kuzindikira kuti akunena za kampani iti? Anaona ndi anthu angati, ndipo chinaonongeka n'chiyani kwenikweni, osati chongoganizira? Munthuyo ali ndi udindo wanji, popeza mawu a mneneri wa kampani amalemera kuposa a wogwira ntchito yemwe sakumana ndi anthu akunja? Anafufuta ndi kupepesa msanga, kapena anaumirira? Ndipo chilango chikugwirizana ndi kukula kwa cholakwa? Pangano la ILO la nambala 158 la mu 1982 limati munthu asachotsedwe ntchito popanda chifukwa chomveka, komanso asachotsedwe chifukwa cha khalidwe lake asanapatsidwe mpata wodziteteza. Si maiko onse omwe analivomereza, koma mfundo ziwirizi zinalowa m'malamulo a ntchito a maiko ambiri.

Olemba ntchito nawonso ali ndi gawo lawo, ndipo ambiri saligwira bwino. Ena alibe lamulo lililonse mpaka tsiku lomwe akwiya. Ena amalemba lamulo loti wogwira ntchito asatchule kampani paliponse m'njira iliyonse, lomwe palibe angalitsate, kenako n'kumaligwiritsa ntchito pa okhawo omwe sakuwafuna. Lamulo lotere silitonthoza anthu. Limawathamangitsira ku maakaunti a mayina abodza, komwe amalankhula zoopsa kuposa zomwe akananena ndi dzina lawo. Kuzonda ogwira ntchito nako kuli ndi malire. Mu Sepitembala 2017 khoti la ku Ulaya loona za ufulu wa anthu linagamula mlandu wa injiniya wa ku Romania yemwe anachotsedwa mu 2007 kampani itawerenga mauthenga ake a pa Yahoo Messenger, ena mwa iwo olembera m'bale wake ndi bwenzi lake. Khoti linati ufulu wake wa moyo wachinsinsi sunatetezedwe, makamaka chifukwa sanauzidwe pasadakhale kuti kuzondako kudzafika pati. Bwana wofuna kuti anthu ake asamakadandaulire pa Facebook ayambe wadzifunsa ngati mkati muli khomo lomwe munthu angagogode n'kumvedwa popanda kubwezeredwa. Madandaulo ambiri omwe amaphulikira pa intaneti anayamba agogoda pa khomo limenelo kangapo.

Mtundu wachitatu uja, wa zoipa zomwe zikubisidwa, ndi wovuta kuposa yonse. Mwaona ziphuphu, mankhwala otha ntchito akusinthidwa madeti, zinyalala za poizoni zikutayidwa mu mtsinje, kapena mkulu akugwiririra omwe ali pansi pake. Apa kukhala chete si kusamala, ndi kuthandizira choipa. Kontrakiti yosunga chinsinsi siinalembedwe kuti ibise umbanda. Koma njira yomwe mwadzera imasintha kwambiri chitetezo chomwe mungapeze. Lamulo la ku Britain la mu 1998 loteteza oulula zoipa limateteza mosavuta munthu yemwe wauza olemba ntchito kapena bungwe loyang'anira, ndipo limaika zofunika zambiri kwa yemwe wapita poyera. Lamulo la European Union la mu 2019 limateteza woulula poyera ngati anayamba wadzera njira zoikika koma osachitapo kanthu, kapena ngati pali ngozi yomwe singadikire, kapena ngati pali chifukwa chomveka choopera kubwezeredwa ndi kubisidwa kwa umboni. Pali nzeru pa ndondomeko imeneyi. Mukaika pa Facebook usiku, wolakwayo amadzuka m'mawa atadziwa zoti abise mapepala ati ndi kunyengerera mboni ziti. Mukaika chithunzi cha chikalata chonse, mwaulula nawo mayina a anthu osalakwa omwe ali m'chikalatamo, ndipo mwapatsa kampani mlandu woti ikuimbeni m'malo moyankha wake. Zikalata zina zimakhalanso ndi zizindikiro zoonetsa amene anazitsegula kapena kuzisindikiza, kotero dzina labodza silibisa munthu monga amaganizira. Wofuna kuulula alembe masiku, malo ndi zomwe anaona ndi maso ake, azisunge pa malo omwe si a kampani, alankhule ndi bungwe la ogwira ntchito kapena loya, ndipo apite ku bungwe lomwe lili ndi mphamvu yofufuza. Poyera pamakhalabe potsegula ngati onsewo agona, ndipo pofika pamenepo mumakhala ndi umboni woti munayesa.

Bwanji ngati mwaika kale ndipo mtima wayamba kugunda? Ngati muli chinsinsi cha munthu wina kapena cha chitetezo, chotsani nthawi yomweyo, koma musanamizire kuti sizinachitike. Uzani woyang'anira wanu kapena ofesi yoona za makompyuta, chifukwa password yoonekera iyenera kusinthidwa lero, ndipo m'malamulo ngati GDPR kampani ili ndi maola 72 okha oti idziwitse boma za kutayika kwa mbiri ya anthu kuchokera pomwe yadziwa. Musanene kuti akaunti yanu inabedwa ngati siinabedwe. Bodza limenelo limagwidwa mosavuta, ndipo kusakhulupirika kumachotsetsa ntchito msanga kuposa cholakwa choyambacho. Sungani kope la zomwe munalemba ndi mayankho onse, chifukwa screenshot yomwe idzafike pa tebulo la abwana ingakhale yodulidwa, yopanda mawu omwe anatsogola ndi omwe anatsatira. Mukaitanidwa ku komiti ya mwambo, pemphani kuti akuuzeni mlandu wanu polemba, akupatseni lamulo lomwe akuti mwaphwanya ndi tsiku lomwe munalilandira, ndipo funsani ngati mungabwere ndi nthumwi ya bungwe la ogwira ntchito kapena mnzanu woti akhale pambali panu.